Mwezi watha, tinalipo angati? Kaunikidwe ka gulu losamalira chilengedwe

Mlendo akafika pagulu losamalira chilengedwe, funso lake loyamba silisintha: "Mulipo angati?" Mlembi amatsegula kaundula n'kutchula nambala ya dzina lomaliza. Ine ndinayankha motero kwa nthawi yaitali, ndipo sindinkanama, mayinawo analimodi m'buku. Koma tsiku lina mu Okutobala ndinalawirira ku nazale, ndipo ndinapeza amayi anayi ndi mnyamata mmodzi akuthirira mbande, akulandirana kheni imodzi yodontha. Mayi wina, osadzutsa ndi mutu womwe, anati: "Alembi, anthu a m'buku mwanu aja muwauze abwere adzatunge madzi." Anzawo anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, koma makutu ali psuu.

Malangizo ali m'munsiwa ndi a aliyense amene wagwira bolopeni m'gulu lotere, kaya ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi imene timangoitchula kuti VNRMC, kalabu ya pasukulu, achinyamata a kumpingo, kapena anthu oyandikana nyumba m'tauni amene apangana kusamalira mtsinje wodutsa kuseri kwawo. Kuunika mmene gulu layendera m'mwezi watha ndi ntchito ya maola awiri kapena atatu pamwezi, ndipo sifuna kompyuta. Imafuna munthu wolimba mtima kulemba nambala yaing'ono pamene nambala yaikulu ikanamveka bwino.

1. Buku limodzi, tsiku limodzi

Gulani buku la hadikava, osati kope la mwana wasukulu lothothoka masamba. Zokambirana za pamsonkhano zili ndi buku lake, ndalama zili ndi lake. Ili ndi loyang'anira m'mbuyo basi. Mwezi uliwonse muupatse masamba anayi: la anthu, la zopereka, la mitengo ndi la mafunso.

Tsiku lake likhale lodziwika, losachita kukumbutsana. Pewani tsiku la msika. Ngati m'gulu muli a Seventh Day, Loweruka lisiyeni. Ngati muli Asilamu, Lachisanu masana lisiyeninso. Mugwirizaniretu kuti kukagwa maliro mudzakumana patapita masiku atatu, chifukwa mawu akuti "tidzaona" apha magulu ambiri kuposa chilala.

Okhala pansi ndi bukuli akhale atatu: mlembi, msungichuma ndi membala mmodzi amene sali mukomiti, wosinthasintha mwezi ndi mwezi. Wachitatuyu ndiye diso la gulu. Komiti ikamadziwerengera yokha, anthu amayamba kunong'ona, ngakhale palibe chabedwa.

2. Siyanitsani omva ndi ogwira

Apa ndiye pagona nkhani, choncho ndichedwapo.

Pa tsamba la anthu, lembani mayina onse kumanzere, limodzi pamzere wake. Pamwamba lembani masiku onse amene gulu linachita kanthu m'mweziwo: msonkhano, kudzaza machubu, kuthirira, kukumba maenje, kulambula njira yotchinga moto, kulondera nkhalango. Tsopano m'malo mongochonga, gwiritsani ntchito zilembo zitatu. M ndi munthu amene anabwera kudzamva. G ndi amene anagwira ntchito ndi manja ake. P ndi amene anapereka kanthu ngakhale sanabwere. Munthu mmodzi akhoza kukhala nazo zonse zitatu pa tsiku limodzi.

Chifukwa chake n'chakuti kuchonga kumabisa zambiri. Bambo amene anakhala pamthunzi wa mango msonkhano wonse, n'kulankhula bwino ndithu za kuipa kwa makala, amalandira chizindikiro chofanana ndi cha mayi amene anasenza zidebe khumi kuchokera kudambo. Onse awiri ndi ofunika, koma si amodzi. Mukawaphatikiza mudzaganiza kuti muli ndi manja makumi anayi, n'kudzaza machubu zikwi zingapo, pamene othirira enieni ndi asanu. Mbande zija zikadzauma mu Novembala mudzanamizira dzuwa.

Tiyerekeze kuti kaundula wanu ali ndi mayina 48. Mwezi uno amene ali ndi M, ngakhale imodzi yokha, ndi 30. Amene ali ndi G kamodzi kapena kuposa ndi 14. Amene ali ndi G katatu kapena kuposa ndi 6. Nambala zonse zinayi zilembeni pansi pa tsamba, motsatizana: 48, 30, 14, 6. Yomalizayo ndiyo msana wa gulu lanu. Ntchito iliyonse imene mukufuna kuyamba mwezi wamawa muiyese ndi anthu 6 amenewo, osati 48. Enawo akabwera, ndi mwayi.

Kenako gawani nambalazo: amayi angati, abambo angati, achinyamata angati. Musadabwe mukapeza kuti a M ambiri ndi abambo ndipo a G ambiri ndi amayi. Ndaziona kangapo, ndipo sikuti abambo ndi aulesi onse. Kuthirira anthu amakuona ngati kutunga madzi, ndiye amakusiyira amayi. Koma bukulo likaonetsa zimenezi miyezi itatu yotsatizana, nkhaniyo ibwere poyera, ndipo ntchito monga kukumba maenje, kudula nsungwi za mpanda ndi kulondera usiku zigawidwe moganizira amene akusenza kale katundu wolemera.

Chinthu china chimene muyenera kuchilemba padera ndi msonkhano wa alawansi. Bungwe likabwera ndi galimoto, mabotolo a zakumwa ndi envelopu, ngakhale amene munawaiwala nkhope amatulukira atatchena. Musawanyoze, ndalama ndi yosowa. Koma tsiku limenelo lizungulizeni ndi bolopeni yofiira, ndipo musaliphatikize powerengera. Likalowa m'chiwerengero, mwezi umenewo udzaoneka wonenepa, wotsatirawo udzaoneka ngati gulu lagwa, pamene palibe chasintha.

Palinso anthu amene uthenga wanu unawafika koma sali m'kaundula: ana a sukulu amene munakawalankhula, mpingo umene munalengezako, khamu la pamsonkhano wa amfumu. Awa simungawalembe mayina. Lembani malo, tsiku, ndi chiwerengero chongoyerekeza, n'kuikapo mawu akuti "pafupifupi". Njira yosavuta ndiyo kuwerenga anthu a pa benchi limodzi kapena mzere umodzi, n'kuchulukitsa ndi mizere yonse. Musawasakanize ndi mamembala. Kumva uthenga kutchalitchi sikubzala mtengo.

3. Funsani za amene asowa

Mukatha kuwerenga, yendetsani chala pa mayina n'kuona amene mwezi wathawo anali ndi G koma mwezi uno mzere wawo uli mbee. Amenewa ndi ofunika kuposa dzina latsopano lililonse. Munthu watsopano sadziwa kudula mizu ya mbande imene yatulukira pansi pa chubu, sadziwa kuti njere za msangu zimafuna kuzidula pang'ono khungu kuti zimere msanga. Wosowayo amadziwa, ndipo akapita amapita nazo nzeruzo.

Musamutumire uthenga wa chindapusa. Pitani nokha, kapena tumani mnzake wogwirizana naye, madzulo ntchito zitatha. Mufike monga mlendo, mupatsidwe mpando, mufunse za ana ndi za kumunda, kenako: "Amayi, takusowani ku nazale kuja, tinati mwina simukupeza bwino." Mukatero khalani chete. Yankho loyamba nthawi zambiri limakhala la ulemu chabe: "Ayi, kutanganidwa basi." Lenileni limabwera pokuperekezani, mwafika kale pampanda.

Zifukwa zake zimakhala zamitundu iwiri, ndipo m'buku muzisiyanitse. Zina ndi za nyengo: mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zili pululu, anthu ali ku ganyu, ena akudwazika malungo, mu Epulo ndi Meyi ali kokolola. Amenewa adzabwerera okha. Zina ndi za m'gulu momwemo: wina anamulankhula mwachipongwe pagulu, wina anaona mbande za mango zikupita kunyumba za akomiti okha, wina wakhala akuthirira miyezi itatu koma pamene kunabwera maphunziro a kuboma anasankhidwa mlamu wake wa wapampando. Izi sizichira zokha.

M'buku lembani chifukwa, koma osalemba chinsinsi. "Matenda pakhomo" akwanira. Dzina la nthendayo si la gulu. Ngati ndi dandaulo lokhudza munthu, lembani kuti "pali nkhani yofunika komiti", n'kukaitula pakamwa. Buku limayenda m'manja ambiri.

4. Zopereka si ndalama zokha

Msungichuma awerenge ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo zotsalazo aziike pamphasa, onse atatu aziwerenge. Ngati zina zili pa Airtel Money kapena pa Mpamba, foni itsegulidwe pomwepo, uthenga uoneke. Izi sizitenga mphindi khumi.

Chimene chimaiwalika ndi zopereka zopanda risiti. Agogo amene anatola njere za mbawa kapena za mthethe n'kubwera nazo m'kachitini. Bambo amene anabwereketsa wilibala, kapena ngolo yotutira dothi la kunkhalango ndi mchenga. Banja limene linapereka manyowa a m'khola. Mwini dimba amene walola kuti nazale ikhale pafupi ndi chitsime chake. Mphunzitsi amene anakulemberani kalata yopita kwa alangizi a zankhalango. Mnyamata amene anajambula zithunzi ndi foni yake. Zonsezi zilembeni, dzina ndi chinthu. Musavutike kuziika pa mtengo wa makwacha, mungoyambitsa mkangano wa kuti ngolo ndi ndowa ya manyowa chachikulu n'chiti.

Tsamba limeneli lidzakuthandizani tsiku lina pamene simukuyembekezera. Mitengo ikadzakula, nthawi yogawana mapolo kapena nkhuni ikadzafika, aliyense adzakumbukira kuti iye ndiye anavutika kwambiri. Pamenepo buku lokhala ndi masiku limazimitsa moto msanga kuposa mawu a munthu.

5. Nyamukani, mukawerenge mitengo

Gawo ili silichitikira pakhonde. Tsekani buku, valani nsapato.

Dziko lathu lili ndi nyengo yobzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo chaka ndi chaka timamva pawailesi za mitengo mamiliyoni imene yabzalidwa. Malawi analonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zowonongeka pofika 2030. Nambala zikuluzikuluzi zimachokera m'mabuku ang'onoang'ono ngati lanuli. Vuto ndi lakuti ambiri timalemba mitengo pa tsiku lobzala, alendo ali pomwepo, gule akuvinidwa, kenako osabwererakonso. Mtengo woyenera kulembedwa ndi umene wapyola chilimwe uli moyo.

Ku nazale werengani zinthu zitatu: machubu odzazidwa, amene amera, ndi mbande zimene zafa m'mweziwo. Mtundu uliwonse paokha, chifukwa keshya ndi gilisidiya zikhoza kumera bwino n'kubisa kuti mbawa yonse yakanika. Kuti musavutike, ikani machubu m'mizere ya chiwerengero chofanana kuyambira pachiyambi, monga khumi m'lifupi. Mukatero mumangowerenga mizere.

Kumunda kapena kunkhalango ya mudzi, yendani awiriawiri mzere ndi mzere. Ngati wina sadziwa kulemba, palibe vuto: atenge zitini ziwiri ndi chimanga chodzaza dzanja. Dzenje la mtengo wamoyo, njere m'chitini cha kumanja. La wakufa, m'cha kumanzere. Pomaliza muwerengere limodzi pamthunzi. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa kulemba timizere papepala, chifukwa aliyense amaona ndi maso kuti chitini chiti chalemera.

Samalani ndi mtengo wopanda masamba. Mitengo yambiri yachilengedwe imayoyola masamba m'chilimwe, ndipo msangu ukakula umachita zosiyana ndi inzake, umayoyola nthawi ya dzinja n'kuphuka mvula itatha. Musauweruze ndi maso. Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo: mukaona zobiriwira mkati, uli moyo.

Masamu ake ndi awa. Gawani yamoyo ndi yonse imene munabzala, n'kuchulukitsa ndi 100. Ngati munabzala 400 ndipo yamoyo ndi 260, ndiye kuti pa 100 iliyonse yapulumuka 65. Malo akakhala aakulu, simungawerenge yonse mwezi uliwonse. Sankhani mizere ina, monga wachisanu uliwonse, muiike zikhomo, ndipo muzibwerera ku mizere yomweyo. Musasankhe ya m'mphepete mwa msewu yokha, kumene mitengo imasamalidwa chifukwa anthu amaiona.

Pafupi ndi nambala ya yakufa lembani chimene chaipha, ngati chikuoneka. Nsonga yodyedwa ndi mbuzi. Tsinde lokutidwa ndi dothi ndi chiswe. Phulusa ndi moto wa osaka mbewa. Dzenje lopanda kanthu, dothi lofukulidwa, ndi munthu amene wazula kukabzala kwake, makamaka ikakhala ya zipatso. Mankhwala a mavutowa ndi osiyana. Chiswe chimakonda bulugamu wamng'ono, ndiye ngati chikumutha chaka ndi chaka pamalo amodzimodzi, sinthani mtundu wa mtengo m'malo mobwereza. Mbuzi ndi nkhani ya amfumu ndi malamulo a m'mudzi, pakuti zimamasulidwa anthu akakolola. Moto ndi nkhani ya kalendala: njira zotchinga moto zilambulidwe udzu usanaumiretu, cha mu Meyi ndi Juni, osati mu Seputembala utsi utayamba kale kuoneka kuphiri. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Musaiwale zitsa zophukira. Magulu ambiri sawerenga mitengo imene yaphuka yokha pa zitsa zakale chifukwa sinadutse mu chubu, chonsecho imeneyi ndiyo imapirira chilala, mizu yake ili kale pansi. Ngati mwaitengulira, n'kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, ndi ntchito ya gulu, ndipo ili ndi malo ake pa tsamba.

6. Lembani zimene anthu anafunsa

Tsamba lachinayi ndi losavuta koma ambiri amalisiya. Funso lililonse limene munthu anafunsa m'mweziwo, pamsonkhano, pamjigo kapena panjira, lilembeni m'mawu ake omwewo. Likabweranso, ikani kamzere pambali.

Mafunso amakuuzani chimene chikuwawa anthu, chimene nthawi zambiri si chimene komiti inakonza kuphunzitsa. Inu mwakonzekera za kusintha kwa nyengo, iwo akufunsa kuti: "Nanga tikasiya makala tidya chiyani?" Kapena: "Mtengo ndabzala ndekha pakhomo panga, ndikafuna kudula ndikapemphenso?" Kapena za mbaula ya Chitetezo, kuti ikang'aluka amaikonza bwanji. Funso lobwera katatu ndilo mutu wa msonkhano wotsatira, ngakhale pulani yanu inanena zina.

Mafunso a malamulo musawayankhe mongoganiza. Lamulo la zankhalango ndi la 1997, ndipo linakonzedwanso mu 2020, zilango zake zinakwera. Kuotcha makala popanda chiphaso ndi mlandu. Kupitirira pamenepo, lembani funsolo n'kukalitula kwa alangizi a zankhalango a m'dera lanu, kapena muwaitane adzayankhe okha. Mlembi akayankha molakwa, munthu n'kugwidwa, gulu lonse limada.

Muzionanso zimene zimakoka anthu. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe mu Malichi 2023, n'kuwononganso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, nkhani ya mitengo ya m'mapiri sinafunenso kukopa munthu. Chimodzimodzi pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunakankhira mabanja a m'tauni ku makala. Nthawi zotere misonkhano imadzaza. Lembani pambali chimene chinadzazitsa, chifukwa mantha amazirala pakapita miyezi, ndipo mudzafuna kudziwa kuti mwa anthu amene anabwera ndi mantha, ndi angati anatsala n'kukhala a G.

7. Yerekezani, koma ndi mwezi woyenera

Kuyerekeza Febuluwale ndi Disembala n'kudzipweteka mtima chabe. Disembala kuli chisangalalo cha kubzala, Febuluwale kuli njala. Febuluwale wa chaka chino ayerekezedwe ndi Febuluwale wa chaka chatha. M'chaka choyamba mulibe choyerekeza nacho, ndiye ingolembani, osathamangira kugamula.

Kumapeto kwa buku siyani masamba awiri oyang'anizana. Mzere uliwonse ukhale mwezi umodzi, ndipo muzikoperamo nambala zikuluzikulu zokha: a M, a G, a G katatu, ndalama zotsala, mbande za ku nazale, mitengo yamoyo. Chaka chikatha, masamba awiriwa amafotokoza mbiri yonse ya gulu mwa kungoyang'ana kamodzi.

8. Kawerengereni gulu lonse

Zimene atatu aja apeza zisathere kwa iwo. Pamsonkhano wotsatira, pemphero likatha ndi amfumu kapena nthumwi yawo atalonjeredwa, mlembi aimirire awerenge. Mphindi khumi zakwana.

Yambani ndi kuthokoza, ndipo mutchule mayina. Osati "tikuthokoza onse amene anathandiza", mawu amene sakhutitsa aliyense, koma dzina ndi chinthu: amayi akuti anathirira masiku asanu ndi atatu, agogo akuti anabweretsa njere, achimwene akuti anakonza mpanda mbuzi zitaboola. Atchuleni monga mumawaitanira, a Phiri, a Nabanda, make Chikondi, malinga ndi mmene iwo amakondera. Yang'anani kawiri kuti simunadumphe munthu. Kuiwala dzina limodzi pa mndandanda wa othokozedwa kumapweteka kuposa kusathokoza n'komwe. Ine ndinaiwalapo mayi wina wofatsa, wosalankhula pagulu, ndipo anatha miyezi iwiri osaponda ku nazale, osanena chifukwa. Ndinazimva kwa mwana wake.

Osowa musawatchule mayina pagulu. Nenani nambala yokha: "Mwezi uno asanu amene tinali nawo sanaoneke, ndipo tawayendera." Kuchititsa munthu manyazi pamaso pa apongozi ake sikunabwezepo aliyense kuntchito.

Nambala zoipa zinenedwe monga zilili. Ngati mitengo yafa yambiri, bweretsani zitini zija muziike pakati. Anthu amapirira uthenga woipa. Chimene sapirira ndi kuzindikira pambuyo pake kuti komiti inkadziwa koma inabisa. Ndipo wapampando asayankhe yekha. Afunse kuti, "Nanga titani?" n'kudikira. Nthawi zambiri yankho labwino limachokera kwa a G aja, amene sakonda kuimika dzanja, choncho afunseni mwachindunji, mwaulemu.

Musatuluke ndi mfundo khumi. Ziwiri kapena zitatu, iliyonse ndi dzina la woitsogolera ndi tsiku lake. "Tilimbikire kuthirira" si mfundo. "Lolemba ndi Lachinayi kuthirira ndi kwa a kutsidya kwa mtsinje, owatsogolera ndi akuti" ndiyo mfundo. Mwezi wamawa, musanawerenge china chilichonse, muyambe ndi kufunsa ngati zimenezi zinachitika.

9. Lipoti la tsamba limodzi

Pomaliza koperani zofunika pa pepala limodzi: dzina la gulu, mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu, mwezi ndi chaka, nambala za anthu, za mitengo, mavuto awiri aakulu, ndi chimene mukupempha. Asayine mlembi, wapampando ndi membala wachitatu uja. Limodzi lipite kwa amfumu, lina kwa alangizi a zankhalango, lina ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ngati mumapereka malipoti kumeneko. Ngati pali bungwe limene limakuthandizani, lilandire pepala lomwelo, nambala zomwezo.

Apa pali yesero, ndipo ndinene mosabisa. Padzabwera tsiku limene wina, mwina wa m'gulu mwanu momwemo, mwina wochokera kutauni, adzakuuzani kuti, "Alembi, apa mungowonjezerako pang'ono kuti zioneke bwino, thandizo lisaime." Ine ndinawonjezerapo kamodzi. Chaka chotsatira anatitumizira machubu ndi njere zolingana ndi gulu la m'pepala lija, ndipo amayi anayi omwe aja ndi amene anazisenzera madzi mpaka anatopa nazo. Theka la mbande linaumira m'machubu. Mukalemba 6, amene ali ndi nzeru adzakupatsani ntchito ya anthu 6, kapena adzakufunsani chimene chingathandize kuti akhale 10, mwina kheni zina, mwina chitsime chapafupi.

Bukulo lisungeni m'jumbo ya pulasitiki yolimba, pamwamba, kutali ndi khoma limene chiswe chimakwera ndi denga limene limadontha. Mwezi uliwonse wina wa foni ajambule masamba anayi aja, kuti buku likanyowa kapena kutayika nambala zisapite nalo. Ndipo pa tsamba loyamba penipeni lembani kuti bukuli ndi la gulu, osati la mlembi. Zisankho zikachitika, liperekedwe kwa mlembi watsopano pamaso pa anthu, tsiku lomwelo, ndipo mwezi woyamba mukhale naye pansi mumuonetse pamene pamalembedwa M, G ndi P.